Mbiri ya Mudzi wa Kasisi ndi Mtsinje Wache

Ana athu a m'sukulu adziwa kutchula maina a mizinda ya kutali, monga London ndi Cape Town ndi Jerusalem; koma tikawafunsa kuti, Kodi dzina ili la Kasisi linachokera kuti, ndipo anthu a kuno anakhala bwanji kale? ambiri angoti chete, nayang'ana pansi. Chifukwa chache n'chakuti mbiri ya kwathu sinalembedwe kwambiri m'mabuku a sukulu, ndipo nkhalamba zimene zinaisunga m'mutu zirikutha. Tsono tafuna kulongosola pano mbiri ya mudzi umenewu ndi mtsinje wa Shire umene uudyetsa, pakuti ziwirizi sizilekanitsika. Kumapeto tidzanenanso za mudzi wina wa asodzi ku Scotland, kwao kwa Azungu ambiri amene anayamba kufika kuno, chifukwa zimene zinaoneka kumeneko zitithandiza kuzindikira zathu.

Tiyambe ndi malo. Shire atuluka m'nyanja yaikulu ku Mangochi, napyola Malombe ndi Liwonde ali wofatsa, kufikira ku Matope. Kuyambira pamenepo madzi agwa pa miyala, mathithi ndi mathithi, natsika mapazi oposa 1,000 asanafike ku chigwa chathu. Mathithi otsiriza ndiwo a Kapichira. Pansi pa Kapichira mtsinje upumula, nutambasuka pakati pa mchenga ndi bango, nuyenda pang'onopang'ono kunka ku Chikwawa, ku Chiromo, ku Nsanje, kufikira utathira m'Zambezi. Dziko la Kasisi ndilo loyamba kulandira madziwo atatsika. Apa pali chinthu chimene chinaumba mbiri yonse ya mudziwu: kale bwato kapena sitima yochokera ku nyanja ya mchere inatha kukwera mtsinje kufikira kuno, koma sinathe kupitirira. Aliyense wofuna kunka kumtunda anayenera kutsika pano, napempha njira ndi amtengatenga kwa eni dziko. Chotero mudzi uwu unali ngati chipata, ndipo wokhala pa chipata aona zambiri, zabwino ndi zoipa zomwe.

Eni dziko a kale ndiwo Amang'anja. Mfumu yao yaikulu inali Lundu, wokhala ku Mbewe, ndipo m'chaka cha chilala anatumiza nsembe ku Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona. Iwo anali ndi minda ya mitundu iwiri. Ku mphala, ndiko kumtunda kouma, anabzala mapira ndi mchewere ndi thonje pa mvula. Ku dimba, m'mbali mwa mtsinje, anabzala chimanga, mbatata, maungu ndi nyemba madzi atabwerera, m'dothi lachinyontho limene chigumula chinasiya. Mvula ikakana ku mphala, dimba linawaombola. Madzi akamiza dimba, mphala inawaombola. Ndipo zikakanika zonse ziwiri, akazi analowa m'dambo kukazula nyika. Amuna anapota thonje naomba nsaru zolimba, akazi anatcheza mchere m'dothi naphika, ndipo zimenezi anasinthana ndi makasu a chitsulo ochokera kwa osula a kumapiri.

Munda wachitatu unali mtsinje womwe. Nsomba za kuno zisiyana ndi za ku nyanja yaikulu, chifukwa mathithi aja ali ngati linga. Nsomba zathu ndizo za mtundu wa ku Zambezi, ndipo mcheni wa mano akuthwa uja sungathe kukwera Kapichira. Tiri ndi mphende, mlamba, chikano, nkhonokono wa minga yolasa, njole, mphuta, ndi dowe amene akwirira m'matope thamanda likauma, nakhala momwemo wamoyo kufikira mvula itabweranso. Nsombazi zichuruka ndi chigumula. Madzi akasefukira m'maudzu pa December ndi January, mlamba ndi zinzache zituruka m'mtsinje kukaikira mazira m'malo osaya, ndipo ana ache akulira m'menemo, mobisika ndi modzala chakudya. Madzi akayamba kuphwa, zibwerera ku mtsinje ndi ku mathamanda. Chifukwa chache akulu anadziwa kuti chaka cha madzi ambiri chitsatidwa ndi nsomba zambiri, ndi kuti wopha nsomba pa nthawi yoswana adya mbeu.

Kupha nsomba sikunali nchito ya munthu mmodzi. Bwato linasemedwa ndi mmisiri pa mtengo waukuru wa mbawa kapena mtondo, ndipo polikokera ku madzi anaitana mudzi wonse, ndi mowa womwe. M'bwato analowa awiri, wina wogwira nkhafi, wina woponya chavi kapena wotchera ukonde. Pa mifuleni yotulukira madzi anamanga mipanda ya bango, naikamo miono, ndipo aliyense anadziwa malo a mono wache. Kuonjola mono wa mwini unali mlandu wonga kuba m'nkhokwe. Thamanda likaphwa, akazi ndi ana analowamo pamodzi ndi madengu pa tsiku limene mwini mudzi analola. Bwato likafika pa dooko, mwini bwato analandira gawo lache, mwini ukonde lache, wopalasa lache, ndipo nkhalamba kapena wamasiye woima pamenepo sanabwerere chimanjamanja. Zotsala anazing'amba, naziwamba pa moto, nakwera nazo ku mapiri kukagula chimanga. Koma madziwo anali ndi eni ache ena, ndiwo ng'ona ndi mvuu, ndipo panalibe banja la pa dooko losadziwa maliro a munthu wosaoneka mtembo wache.

M'mwezi wa January 1859 anthu a m'mbali mwa Shire anaona chinthu chachilendo, sitima yofuka utsi yotchedwa Ma Robert, m'mene munali Dr. David Livingstone. Popyola dambo lalikuru la Dabanyi iye anaona njobvu zokwana ngati 800, ndipo ndicho chifukwa chache Azungu analitcha Elephant Marsh. Anapalana ubwenzi ndi mfumu Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa, nafika pa mathithi, nabwerera. Anaona thonje ndi minda ndi midzi yodzala anthu, nalembera kwao kuti dziko ili liyenera malonda abwino ndi Mau a Mulungu. Mu 1861 anafika Bishop Mackenzie ndi anzache, nakamanga ku Magomero.

Pamodzi ndi Livingstone panali anthu a mtundu wina, amene ife tiwatcha Amagololo, ndipo mabuku awatcha Makololo. Makolo ao anachokera kutali kum'mwera, ku dziko la Asutu, nathawa nkhondo ndi mfumu yao Sebetwane, nakagonjetsa dziko la Barotse ku mtunda kwa Zambezi. Mwana wache Sekeletu ndiye anapatsa Livingstone anthu omperekeza pa maulendo ache. Amene anafika ku Shire anali owerengeka, ndipo ambiri a iwo sanali Amagololo eni eni, koma a mitundu imene Amagololo anaigonjetsa. Maina ao tiwadziwa, popeza akhala maina a ufumu kufikira lero: Katunga, Maseya, Mlilima, ndi Kasisi, amene Azungu anamlemba Ramakukan, panalinso Chipatula ndi Mlauli. Livingstone atachoka mu 1864 iwo anatsala. Kwao kunalibe kobwerera, pakuti Sekeletu anafa mu 1863, ndipo chaka chotsatira ufumu wa Amagololo ku Barotse unapasulidwa.

Masiku amenewo anali oipa koposa onse amene chigwa chino chikumbukira. Ogula akapolo anadza kuchokera kum'mwera, a Matekenya ndi mfuti zao. Kum'mawa kunali nkhondo ya Ayao. Ndipo mvula ya 1862 inakana. Anthu othawa ku mapiri anaunjikana pa mtsinje, koma mantha anawaletsa kulima madimba ao. Njala inakula kufikira 1863, kotero kuti Azungu okwera mtsinje m'chakacho anaona mitembo irikuyandama tsiku ndi tsiku, ndi ng'ona zokhuta. Midzi imene Livingstone anaiona yodzala inasanduka mabwinja. Amishoni omwe sanapulumuke: Mackenzie anafa pa 31 January 1862 pa mathiriro a Ruo, ndipo Scudamore ndi Dickinson anafera kwa Chibisa mu 1863, otsala anachoka. Tizindikire apa kuti chilala chokha sichikadapha anthu otere, pakuti mtsinje sunaphwe, ndi nsomba zinalimo. Chimene chinawapha ndicho chilala pamodzi ndi nkhondo, imene inatsekera anthu njira ya ku dimba ndi ya ku dooko.

M'chipasuko chimenechi Amagololo anakwera. Anali ndi mfuti, anadziwa makhalidwe a Azungu, ndipo anali ogwirizana. Anjala ndi othawa ndi akapolo omasulidwa anadza kwa iwo kufuna chakudya ndi chitetezo, ndipo midzi yao inakula msanga. Pasanapite zaka zambiri anathyola mphamvu ya Lundu ndi ya Tengani, nagawana mtsinje kuyambira pa mathithi kufikira ku Ruo. Kasisi anatenga chigawo cha kumtunda, cha pa chipata chija, ndipo anayesedwa wamkuru pakati pa anzache.

Kodi tiwayese bwanji anthu amenewa? Pano tiyenera kunena zonse ziwiri, pakuti m'mudzi uno tikhala pamodzi adzukulu a olamula ndi adzukulu a olamulidwa, ndipo mwa ambiri a ife mwazi wa onse awiri wasanganikirana. Chabwino chao n'chakuti anakana kugulitsa anthu kwa amalonda a ku nyanja ya mchere, natsekera ogula akapolo njira ya m'chigwa. Anthu anayambanso kulima ndi kupha nsomba osacheuka. Kasisi anasunganso madooko a Shire, naletsa Angoni a Chikusi kuoloka zaka zambiri. Choipa chao n'chakuti anatenga dziko la eni ache ndi mfuti, nakwatira akazi ambiri mokakamiza, nalimitsa anthu m'minda yao, nayesa minyanga yonse ya njobvu yao. Ndipo zilango za ena a iwo, makamaka Chipatula, zinali zoopsa. Akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo aka kanameta bwino, koma kanachekanso. Wonena mbali imodzi yokha sananene mbiri.

Tsopano tifike pa nchito imene inamveketsa dzina la Kasisi kutsidya la nyanja. Mu 1867 anafika E. D. Young, wofunafuna mbiri ya Livingstone, amene kwao anamva kuti waphedwa. Amagololo anamthandiza kunyamula bwato lache lachitsulo kupyola mathithi. Mu 1875 Young yemweyo anabweranso, akutsogolera amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi Dr. Robert Laws ndi Henry Henderson, ndi sitima yao Ilala. Pofika pansi pa mathithi anaimasula zidutswazidutswa, ndipo Kasisi ndi mafumu anzache anasonkhanitsa anthu mazanamazana, amene anasenza zitsulozo pamutu ulendo wa mailosi ngati 60, m'njira ya miyala ndi dzuwa la chirimwe. Pozilumikizanso kumtunda, sipanasowe kanthu ngakhale kamodzi. Ilala inalowa m'nyanja yaikulu pa 12 October 1875. Mabuku atchula maina a Azungu amene anali m'sitimamo. Koma tisaiwale kuti inakwera pa mitu ya asodzi ndi alimi a chigwa chino, amene maina ao sanalembedwe.

Mu 1876 amishoni a Church of Scotland anakwera phiri kuchokera ku midzi ya Amagololo nakamanga Blantyre, ndipo mafumu a kuno anatumiza ana ao kukaphunzira kumeneko. Mu 1878 inayamba kampani ya African Lakes, ya abale awiri John ndi Frederick Moir, imene tiitcha Mandala. Sitima zache zinakocheza kwa Katunga, ndipo anthu a mtsinje anapeza nsaru pogulitsa nkhuni, chakudya ndi mphamvu zao. Koma mu 1884 mtendere unagwedezeka. Mzungu wina, George Fenwick, amene anachotsedwa nchito ku Mishoni, anakangana ndi Chipatula pa za malonda, namuombera. Anthu a Chipatula anapha Fenwick, namiza sitima ya Mandala yotchedwa Lady Nyassa, natseka mtsinje. Azungu a ku Blantyre anakhala ndi mantha akuru, pakuti njira yao yonse inali yomweyi. Kasisi ndiye anaima pakati. Sanalole nkhondo ikwere phiri, ndipo mtsinje unatsegukanso. Iye anamwalira mu 1888.

Atapita iye, zinthu zinafulumira. Mu 1889 Serpa Pinto anakwera Shire ndi asilikari a Apwitikizi, ndipo John Buchanan analengeza kuti dziko la Amagololo liri m'manja mwa Angerezi. M'mwezi wa November anthu a Mlauli anamenyana ndi Apwitikizi kufupi ndi Ruo, nagonja, ambiri nafa. Mu January 1890 boma la ku London linauza Portugal kuti achotse asilikari ache, ndipo mu 1891 dziko lonse linalowa m'chitetezo cha Britain, Harry Johnston nakhala wolamulira. Malire a pa Ruo ndi Shire amene tiri nao ndi a nthawi imeneyo. Mafumu a Amagololo anasunga maina ao, koma mfuti ndi milandu yaikuru ndi msonkho zinapita ku Boma. Ufumu wa Lundu unakwezedwanso mu 1969.

Pamenepo mtsinje womwe unasintha. Poyamba pa zaka za m'ma 1900 nyanja yaikuru inatsika, madzi a Shire nachepa, kotero kuti sitima zinaleka kufika kwa Katunga, niziima ku Chiromo, pambuyo pache ku Port Herald, ndiko ku Nsanje. Mu 1908 njanji inafika ku Blantyre podzera ku Chiromo, osadzera kuno. Chipata chija chinatsekeka, ndipo Kasisi anakhalanso mudzi wa alimi ndi asodzi. Dambo litauma, anthu analima thonje lambiri m'malo amene kale munali madzi, ndipo kuyambira 1923 wogula wache anali mmodzi, British Cotton Growing Association. Koma madzi saiwala khwawa. Pakati pa zaka za m'ma 1930 nyanja inakweranso, nikankha mchenga umene unatseka Shire wa kumtunda, ndipo pofika kumapeto a zaka zimenezo madimba ambiri a Dabanyi ndi Dinde anamira. Mu 1948 mlatho wa njanji ku Chiromo unakokoloka. Amuna ambiri anapita ku nchito ku Southern Rhodesia. Ena anasiya khasu natenga ukonde, pakuti pamene panafera thonje panadzala mphende ndi mlamba. Chotero usodzi wa malonda unakula m'chigwa chino.

Tsono tiyang'ane kwao kwa Azungu aja. Ambiri a ife tiganiza kuti ku Scotland onse anali ophunzira ndi olemera. Koma m'mbali mwa nyanja yao munali midzi ya asodzi osauka, okhala monga ife. Umodzi wa iyo ndiwo Eyemouth, kum'mawa, pafupi ndi malire a England. Amuna ache anapita pa nyanja yozizira m'ngalawa za matanga, atate ndi ana ndi abale m'ngalawa imodzi, nagawana phindu m'magawo. Anapha haddock ndi zingwe zazitali za mbedza mazanamazana, ndi herring, nsomba yoyenda m'magulu monga usipa koma yokulirapo, ndi maukonde. Akazi analawira kukatola nkhono za m'nyanja, nazisenda, naika nyambo pa mbedza iriyonse. Pa nyengo ya herring anatumbula nsomba naziika m'migolo ndi mchere. Pa Sabata ngalawa zinakhala pa dooko. Anthuwo anakangana zaka zambiri ndi Eklesia wa boma, amene anafuna chakhumi cha nsomba zao, ndipo mkanganowo unachedwetsa thandizo lokonzera dooko lao, limene linali lopapatiza, losalowereka madzi akatsika, ndi miyala yoopsa pakhomo pache.

Pa 14 October 1881, chaka chomwe David Clement Scott anafika ku Blantyre, Kasisi akali moyo, kunacha bwino ku Eyemouth patapita masiku a mphepo amene anthu anakhala osapha kanthu. Chipangizo choyesera nyengo chinachenjeza kuti kukudza namondwe. Koma m'nyumba munali njala ndi ngongole, ndipo mwambo wao unali wakuti ngalawa imodzi ikatuluka, zonse zituluke. Anapita. Pakati pa usana namondwe anagwa modzidzimutsa. Ngalawa zina zinagubuduzika pa nyanja. Zina zinathamangira kwao, nizisweka pa miyala ya pakhomo pa dooko, akazi ndi ana alikupenya pa mtunda, osatha kuchita kanthu. Tsiku limenelo anafa asodzi 189 a m'mbali imeneyo, ndipo 129 a iwo anali a Eyemouth mokha. Anthu a dziko lonse anasonkha ndalama zoposa mapaundi 50,000 za amasiye. Ena anafuna kutenga anawo kunka nao ku nyumba za ana amasiye, koma amai ao anakana, nawalera okha pothandizana, ndipo anawo atakula anamanganso mudzi. Dooko linakonzedwa pambuyo pa maliro.

Chinanso chinaoneka kumeneko. Herring inali yambiri kotero kuti mu 1907 Scotland anadzaza migolo yoposa 2,000,000, ndipo anthu anayesa kuti siingathe. Koma ngalawa zinakula, zinalandira makina, maukonde nakhala otha kuzinga gulu lonse nthawi imodzi. Ndipo mu 1977 maboma analetsa kupha herring m'nyanja ya North Sea, chifukwa inatsala pang'ono kutha. Midzi yambiri ya asodzi inazirala, anyamata napita ku mizinda. Nsombayo inabwereranso patapita zaka zoipumitsa, koma midzi ina sinabwerere.

Ife a Kasisi taona zofanana ndi zonse ziwirizi. Mu 1965 anamanga chotsekera madzi ku Liwonde, ndipo kuyambira pamenepo kukwera ndi kutsika kwa Shire kuli m'manja mwa anthu pang'ono, osati mwa mvula yokha. M'zaka zomwezo minda ya nzimbe inayamba ku Nchalo. Mu 2000 makina a magetsi anayamba kuzungulira pa Kapichira. Mitengo ya ku mapiri yatha ndi makala, ndipo mvula ikagwa, madzi atsika tsiku limodzi ndi mchenga wao, nakwirira mathamanda ndi madimba. Chigumula cha January 2015, ndi cha March 2019, ndi namondwe Ana wa January 2022 amene anagumula damu la Kapichira, ndi Freddy wa March 2023 amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, zonsezi tazipenya ndi maso. Machenjezo amveka pa wailesi, monga chipangizo chija cha ku Eyemouth chinachenjeza; koma munthu amene chakudya chache chiri ku dimba ndi m'bwato sachoka msanga. Tisafulumire kumutcha wouma mutu. Kumuuza kuti asamukire kumtunda n'kwabwino, pakuti moyo uposa munda. Koma mau amenewo akhala ndi mphamvu pokhapo pamene kumtundako kuli malo, ndi madzi akumwa, ndi njira yobwerera ku dimba usana.

Za nsomba, mlandu uli pafupi ndi ife. Asodzi achuruka, mitengo ya mabwato yasowa, namasupuni watseka mifuleni, ndipo ena akokera m'madzi masikito amene anapatsidwa kuti atchinjirize ana ao ku malungo. Ukonde wotere susiya kanthu, ngakhale mwana wa mphende wonga chikhadabo. Lamulo la usodzi la 1997 linapatsa midzi mphamvu yokhala ndi makomiti a pa dooko, ndipo mu 2017 dambo la Dabanyi linalembedwa pakati pa madambo osungidwa a dziko lonse lapansi. Koma lamulo la pa pepala siligwira munthu usiku. Chimene chinasunga nsomba kale ndicho manyazi a pa mudzi: munthu anaopa kuonjola mono wa mnzache, naopa kulowa m'thamanda tsiku lisanalolezedwe, chifukwa mawa adzakhala pa bwalo limodzi ndi anthu omwewo. Munda wa ku mphala uli ndi mwini mmodzi wousamala. Mtsinje uli wa onse, ndipo ukasowa pangano ukhala wopanda mwini.

Chifukwa chache, abale owerenga, tipempha zinthu zitatu. Choyamba, mafumu ndi akulu a mpingo ndi a komiti anene mau amodzi pa za miyezi yoswana nsomba ndi za maukonde a maso ang'ono, ndipo wolakwa aweruzidwe ngakhale ali mbale wa mfumu. Chachiwiri, chenjezo la madzi likamveka, mudzi utuluke pamodzi, oyamba kunyamulidwa akhale nkhalamba ndi odwala ndi ana. Mwambo umene unatengera a ku Eyemouth onse ku imfa ukhoza kutengera ife tonse ku chitunda. Ndipo madzi akapita, amasiye asabalalike, koma aleredwe pakati pa abale ao. Chachitatu, aphunzitsi atume ana kwa agogo ao, akafunse maina a mathamanda ndi madooko akale, ndi a nsomba zimene sizionekanso, ndi pamene madzi anafika m'chaka chakuti ndi chakuti, nazilembe m'buku losungidwa pa sukulu. Amene adzamanga nyumba zaka zirinkudza adzafuna kudziwa pamene Shire anafikapo kale.